Mikanda Imene Inayanikidwa Panja ku Lewisham

Lachitatu pa 9 Novembala 1977, Winfrida Chikapa analephera kumanga mabatani a malaya a mwamuna wake.

Zinachitikira m'chipatala china kum'mwera kwa London, m'wadi ya odwala okhalitsa. Mwamunayo, Reinford, anali pampando wamatayala, malaya ali otsegula pachifuwa. Pambali panaima dokotala ndi mayi wina woona za mabanja a odwala, aliyense atagwira mapepala. Mabatani anali asanu ndi limodzi. Winfrida analimbana ndi loyamba kwa mphindi zinayi, likungopulumuka m'zala.

Kenako dokotala anamupempha kuti amunyamule mwamunayo kuchoka pampando kupita pabedi. Dzanja linakanika kugwira lamba, ndipo anamwino awiri anathamangira kudzamuwakha asanagwe.

"Pepani, Mayi Chikapa," anatero dokotala. "Bambowa sitingawatulutse. Kunyumba akufunika munthu woti aziwaveka, kuwasambitsa ndi kuwanyamula tsiku lililonse. Dzanja lanuli silingathe. Tidzayesanso pa 10 Meyi."

Inu amene munauzidwapo kuti simungathe, ndipo wokuuzaniyo ankanena zoona, nkhaniyi ndi yanu.

Banjali linali lochokera ku Ntcheu. Linathawa ku Malawi mu 1965 chifukwa cha ndale, nkukhala ku Lusaka zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo linafika ku London mu 1971. Ana awo awiri anali atakula kale ndipo anatsala ku Lusaka konko. Reinford anapeza ntchito ya ukalaliki, pamene Winfrida analembedwa pakampani ina yochapa ndi kusita nsalu za m'mahotela. Ankakhala mufulati yapansi ku Lewisham, yokhala ndi kabwalo kakang'ono kuseri.

Mu Okutobala 1976 Reinford anadwala sitiroko. Mbali yonse yakumanja inafa, ndipo mawu ankatuluka amodziamodzi. Patangotha miyezi isanu, dzanja lamanja la Winfrida linakodwa m'makina ositira. Madokotala anadula zala ziwiri, chaching'ono ndi chotsatana nacho. Zitatu zotsalazo zinauma, osapindika. Ntchito inathera pomwepo. Anali ndi zaka 46.

Chimene ankafuna chinali chimodzi chokha: mwamuna wake abwere kunyumba.

Lachisanu lililonse ankapita kuchipinda cholimbitsira manja pachipatala chomwecho. Kumeneko anamupatsa kampira koti azifinya kakhumi m'mawa, kakhumi masana, kakhumi madzulo. Atalephera mayeso aja, kampirako anakaponya m'kabati.

Namwino wa m'chipindamo, Louisa, anazindikira. Anali mayi wa ku Brazil, wamfupi, wolankhula Chingelezi chothyokathyoka ngati cha Winfrida yemwe, ndipo mwina nchifukwa chake ankamvana.

"Simukufinya," anatero Louisa atamugwira zala.

"Ndifinye mpaka liti? Ndikafinya palibe chotuluka. Ine manja anga anazolowera kugwira chinthu chooneka."

Louisa sanamukalipire. Lachisanu lotsatira anabwera ndi kachitini ka mabisiketi, nkukatsegula patebulo. Anatulutsamo chingwe cha mikanda yakuda, ing'onoing'ono, yosalala. Anachikoka, chikutulukabe, mpaka chinadzaza tebulo.

M'chipindamo munali azibambo atatu olimbitsa manja awo. Winfrida anavula mpango wa m'khosi mwachangu nkuvundikira mikandayo.

"Bisani," ananong'ona. "Muli azibambo muno."

Kwa mayi woleredwa ku Ntcheu, mikanda yaitali chotero ili ndi malo amodzi okha, m'chiuno, ndipo woiona ndi mwamuna wako basi. Winfrida anafotokoza zimenezi motsitsa mawu. Louisa anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anatulutsa zithunzi zimene zinali pansi pa kachitiniko.

Kuyambira 1972 mpaka 1975, Louisa anagwira ntchito ya unamwino m'nkhalango za ku Rondônia, kumadzulo kwa Brazil, pakati pa anthu otchedwa Asurui, amene eni ake amadzitchula kuti Paiter. Anthuwa anayamba kukumana ndi nthumwi za boma mu 1969, ndipo m'zaka zotsatira ambiri anamwalira ndi chikuku komanso chifuwa chachikulu. Louisa anakawapeza ali m'maliro okhaokha. Koma ankati ngakhale pa nthawiyo, amayi amene anali ndi mphamvu zodzuka ankakhala pansi nkumapanga mikanda.

Pazithunzizo panali azibambo ataikulunga m'khosi, ena ataipingasa pachifuwa, ataima poyera dzuwa likuswa mtengo.

"Si yogula kusitolo," anatero Louisa. "Ndi chigoba cha chipatso cha mtengo wina wonga kanjedza, amautcha tukuma. Ina amapanga ndi chigoba cha kanyama konga ngaka. Amaswa, amadula ndi mpeni, amaboola, amatunga, amakwecha ndi mwala. Zonsezo ndi manja. Ndiye ntchito yooneka imene mukufunayo ndi imeneyi. Chingwe changachi chinaduka pakati. Kandilumikizireni."

Winfrida anachikulunga mumpango nkuchiika pansi penipeni pa chikwama. M'basi monse anachigwirira pamiyendo ngati wabisa katundu wakuba.

Kulumikiza chingwecho kunamutengera masiku asanu ndi anayi. Mikanda inkagwa pansi, iye nkumaitola ndi dzanja lamanzere. Atamaliza anapeza kuti sakufuna kusiya. Tukuma ku London kunalibe, koma pamsika wa Lewisham panali bambo wina wa ku Jamaica wogulitsa kokonati, amene ankataya zigoba kuseri kwa tebulo lake. Anamulola kuti azitola. Choboolera anachipanga ndi kachitsulo ka ambulera yothyoka, atakanola kumapeto nkukazika m'kamtengo. Mwala anatenga wa Reinford, wonolera mipeni.

Poyamba analakwitsa. Mikanda imene ankaidziwa inali ya galasi, imene umaitunga ili yobulungira kale. Ndiye anaganiza kuti kachidutswa kalikonse kayenera kusalazidwa pakokha kasanalowe paulusi. Ankakapana ndi zala zitatu zija nkumakakwecha pamwala. Patatha milungu itatu anali ndi mikanda makumi anayi, yosiyana kukula, ndi matuza chala chilichonse.

Anapita nayo kwa Louisa nkuikhuthulira patebulo.

"Tengani ntchito yanu. Anthu anuwo ali ndi zala zisanu."

Louisa anaitola, nkuiyang'ana, nkupukusa mutu. "Cholakwa ndi changa, sindinafotokoze bwino. Iwo sakwecha umodziumodzi. Amatunga zidutswazo zili zokhakhala choncho, nsonga zili mbali zonse. Akatero amamanga chingwe uku ndi uku, chikhale chokungika, nthawi zina mamita khumi kapena kuposa. Ndiye amagwira mwala m'dzanja nkumayenda nawo pachingwepo. Zonse zimasalala pamodzi, ndipo zimatuluka zofanana."

"Mwala umagwidwa bwanji?"

"Ndi chikhatho chonse. Mumachita kufumbata."

Ntchito yake inali yomweyo ya kampira kaja, kufumbata ndi kufinya. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano pofika madzulo panali chinthu choti nkuchiona.

Anayamba pa 2 Januwale 1978. Anamanga ulusi wolimba wa thonje kuchoka pachogwirira chitseko cha kuchipinda kukafika papaipi ya madzi kumapeto kwa kolido. M'mawa ankaswa, kudula ndi kuboola. Masana ankanyowetsa mwala m'beseni nkumayenda nawo, kupita ndi kubwera. Nthawi ya 3 koloko ankasamba m'manja nkukwera basi kukaona mwamuna wake.

Kumapeto kwa Januwale anatha kunyamula kapu ya tiyi ndi dzanja lamanja osataya. Mu Febuluwale anatembenuza kiyi wa pakhomo. Pa 11 Malichi anafinya thaulo lonyowa mpaka linasiya kudontha.

Winfrida sanamuuze Reinford chilichonse. Sanafune kumupatsa chiyembekezo chimene chikanathanso kusweka pa 10 Meyi. Komanso, kunena zoona, sanadziwe poyambira kuuza mwamuna wogona m'chipatala kuti mkazi wake akuswera kutunga mikanda kunyumba. Zithunzi anali ataziona, koma manyazi amene anakula nawo sanachoke chifukwa cha zithunzi.

Pofika mu Epulo chingwe chinakwana mamita asanu ndi anayi, ndipo kolido inachepa. Loweruka pa 15 kunawala dzuwa. Winfrida anachotsa chingwe choyanikapo zovala kuseri kwa nyumba, nkumanga cha mikanda pamapolo omwewo.

Ali mkati mokwecha anamva odi pageti la kuseri. Anali Mayi Etta, mkulu wa amayi a Chimalawi patchalitchi chawo, amenenso ankalangiza atsikana okalowa m'banja. Anabwera ndi mabanzi m'kapepala. Anaima pomwepo, maso ali pachingwe.

"Mayi Chikapa, kodi ichi nchiyani?"

"Mikanda, amayi."

"Maso ndili nawo, ndikuona kuti ndi mikanda. Ndikufunsa kuti ikutani panja. Masanasana ano, palayini ya zovala, maneba onse ali pamawindo?"

"Si ya kumene mukuganizako. Ndi ya m'khosi."

"Ya m'khosi kuchoka apa mpaka uko? Khosi lake la ndani, la nyamalikiti?"

"Ndi mmene amapangira anthu ena ku Brazil. Anandiphunzitsa ndi nesi."

"Ku Brazil." Mayi Etta anaika mabanziwo pazenera pang'onopang'ono. "Ine ndalangiza ana a anthu zaka makumi awiri, mikanda ndimaidziwa. Bambo ali kuchipatala chaka ndi theka tsopano. Mukukonzera ndani?"

Sanadikire yankho, ndipo tiyi anakana.

Madzulo ake Mayi Etta anauza mwamuna wawo, Goodwell. Goodwell anali mnzake wa Reinford kuyambira ku Lusaka, ndipo Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankapita kukamuona. Sanali munthu wanjiru. Anali munthu woti chinthu akamva sichigona m'mimba mwake.

Lolemba Winfrida anafika kuwadi ndi chakudya monga mwa masiku onse. Reinford sanadye. Lachiwiri anayang'ana kuzenera ola lonse. Lachitatu sisitala wa wadiyo anamuimitsa Winfrida pakhomo nkumuuza kuti bambowo anena kuti mayeso a pa 10 Meyi asachitike, kunyumba sakufunako.

Winfrida anakakhala pambali pa bedi. "Bambo, ndalakwanji?"

Reinford ankamuitana ndi dzina la mfunda wake, Nangozo. Anatenga nthawi kusonkhanitsa mawu.

"Nangozo. Musavutike. Ine... ndikhala konkuno."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndinu munthu. Muli ndi moyo. Ine theka." Anapumira. "Koma mikanda... panja? Mukanabisa."

Apa mpamene Winfrida anamvetsa njira imene nkhaniyo inayenda. Ananyamula chikwama.

"Mawa ndibwera 2 koloko," anatero. "Mudye."

Akanatha kupita kwa Mayi Etta kukakangana nawo. Akanathanso kuwotcha chingwecho nkubwerera kukampira. Iye anapita kwa Louisa kukabwereka zithunzi. Lachinayi pa 20 Epulo anakwera basi atanyamula chingwe, mwala ndi beseni, ndipo ulendo uno sanazikulunge mumpango.

Wadiyo inali yaitali, mabedi khumi mbali iyi, khumi mbali inayo, onse a azibambo. Winfrida anapempha chilolezo kwa sisitala. Anamanga mbali imodzi ya chingwe pachitsulo cha bedi lopanda munthu kumapeto kwa wadi, nkuyenda chambuyo akuchitambasula mpaka pabedi la mwamuna wake. Nsonga inayo anaikulunga padzanja lamanzere la Reinford.

"Gwirani apa. Kokani, chisalende."

Reinford anagwira, nkhope ili gwa. Winfrida anatunga madzi m'beseni, nkunyowetsa mwala, nkuyamba kukwecha. Anapita, nkubwera. Anapitanso. Odwala anadzuka nkukhala tsonga. Wina anafunsa ngati akuwedza nsomba. Winfrida anachita manyazi, koma sanaime mpaka atayenda maulendo khumi.

Kenako anaika zithunzi pachifuwa pa mwamuna wake.

"Onani amene amavala. Onani pamene amavala."

Reinford anayang'ana chithunzi choyamba nthawi yaitali, kenako chachiwiri.

"Amuna," anatero.

"Amuna. M'khosi. Anthu akuona."

Atatero Winfrida anagwira mkono wamanzere wa mwamuna wake ndi zala zitatu zija, nkufinya ndi mphamvu zake zonse.

"Mukumva?"

"Zikuwawa."

"Mu Novembala ndikanakuwawitsani chonchi? Ndiye anthu akufunsa kuti ndikukonzera ndani. Ndikukonzera inu, kuti ndikunyamuleni mutuluke muno. Ndinalakwa kukubisirani. Ndinkachita manyazi."

Reinford anayang'ana mkono wake pamene panatsala zidindo za zala. Mbali yamoyo ya nkhope yake inayamba kunjenjemera, ndipo Winfrida anaganiza kuti akulira. Ankaseka.

"Goodwell," anatero, mpweya ukumuthera. "Mbuzi."

Reinford anamuuza kuti chingwecho asabwerere nacho. Lamulungu lotsatira, Goodwell ndi Mayi Etta atalowa m'wadi, anapeza Reinford atakhala pampando wake, mikanda itakulungidwa m'khosi pamwamba pa zovala zogonera, zithunzi zili pamiyendo.

"Achimwene," anatero Reinford. "Zandikhala?"

Goodwell anavula chipewa nkumachitembenuza m'manja. Mayi Etta anatenga zithunzizo, nkuvala magalasi, nkuziyang'ana chimodzichimodzi.

"Chabwino, ndinalakwa," anatero pomaliza. "Komabe kutalika kwakeko, Mayi Chikapa, aliyense wa kwathu akanaganiza zomwezo. Mukanandiitana kaye nkundionetsa azibambo a ku Brazil-wa."

"Munakana tiyi, amayi."

"Ndinakanadi."

Potuluka, Mayi Etta anamukokera Winfrida pambali m'kolido nkutsitsa mawu. Kunali mtsikana wina wa ku Wembley amene ankakwatiwa mu Ogasiti, ndipo ku London konse kunalibe kogula mikanda yeniyeni ija. Kodi sakanatha kumupangira?

"Ndipanga," anatero Winfrida. "Koma imeneyo ndipangira m'nyumba, makatani otseka."

Lachitatu pa 10 Meyi 1978, dokotala yemwe uja ndi mayi yemwe uja anaimanso pambali pa bedi. Winfrida anamanga mabatani onse asanu ndi limodzi m'mphindi ziwiri. Anagwira lamba wa mwamuna wake, nkumuimiritsa, nkumutembenuza, nkumukhazika pabedi. Anamubwezeranso pampando. Dokotala anamupempha kuti amugwire chanza, ndipo atachilandira anachiyang'ana kaye chake asanalembe papepala.

"Mwakhala mukufinya mpira uja," anatero.

"Ayi, adokotala. Mwala."

Reinford anatuluka Lolemba pa 22 Meyi, patatha chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri chigonere m'chipatala.

Moyo sunapepuke tsiku lomwelo. Winfrida ankadzuka 5 koloko kuti amusambitse, kumuveka ndi kumudyetsa. Zala zinkawawa kukazizira, ndipo ziwiri zodulidwazo sizinamerenso. Panali masiku amene Reinford ankakwiya chifukwa mawu akana kutuluka, Winfrida nayenso nkukwiya chifukwa chotopa. Koma ntchito yake ya mikanda inali ya pakhomo, ndipo sinafune kuti amusiye yekha.

Inafunanso anthu awiri. Chingwe chomangidwa papaipi chimalenda pakapita nthawi, pamene chogwiridwa ndi munthu chimakokedwa nthawi yomwe chikufunika. Choncho m'mawa uliwonse Reinford ankakhala kumapeto kwa kolido, kapena pabwalo kukakhala dzuwa, nsonga ya chingwe ili m'dzanja lamanzere. Ankadziwa ndi kumva kwa dzanja lokha pamene mwala wafika pamalo okhakhala.

"Bwererani," ankatero. "Mwadumpha."

Oyamba kugula anali anamwino a pachipatala paja. Mu 1979 Winfrida anapeza tebulo la Loweruka pamsika wa zopanga pamanja ku Greenwich, ndipo tsiku limenelo Goodwell ndi amene ankakhala ndi Reinford kunyumba. Anayamba kupanganso zibangili ndi mphete, komanso kuyesa nthanga za mapichesi, zimene zinkatuluka zofiirira.

Mu 1980 mwini sitolo ina ya pakati pa mzinda anafuna kuti azitenga katundu wake mwezi uliwonse. Anali ndi pempho limodzi: papepala lomata alembepo kuti mikandayo ndi ya Amwenye a ku Amazon.

"Anthu amakonda zimenezo," anatero.

"Si ya ku Amazon," anayankha Winfrida. "Ndi ya ku Lewisham. Njira yokha ndiyo yawo."

Bamboyo sanabwerenso. Kuyambira pamenepo chinthu chilichonse chochoka m'nyumbamo chinkakhala ndi kakhadi kolembedwa ndi Reinford, amene anali ataphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere. Kankanena kuti chinthucho ndi cha chigoba cha kokonati, chapangidwa ku London ndi W. Chikapa wa ku Malawi, motsatira njira ya amayi a Chisurui a ku Brazil. Khadi limodzi linkamutengera mphindi khumi.

Louisa anabwerera kwawo mu 1981. Winfrida anamupatsa chingwe chabwino koposa zonse zimene anali atapanga, kuti akafika kunkhalango kuja akapereke kwa mayi amene anapatsa Louisayo chija choyamba. Kalata inafika mu Juni 1982, pamodzi ndi kathumba ka zipatso zouma za tukuma.

Louisa analemba kuti mayiyo anali moyo. Anachitembenuza chingwecho, nkuchinunkhiza, nkuluma mkanda umodzi kuti amve kulimba kwake. Kenako anati mabowo ndi aakulu kwambiri, mikanda ikugwedera paulusi, koma wogwira mwalayo ndi munthu wosathamanga. Louisa anamuuza za zala zitatu. Mayiyo analowa m'nyumba nkutuluka ndi kathumbako.

Winfrida anawerenga kalatayo kawiri.

"Akuti mabowo ndi aakulu," anauza mwamuna wake.

"Ndi aakuludi," anatero Reinford. "Ndinkaopa kunena."

Anafuna chitsulo chochepa kuposa chija nkuyamba kuphunziranso kuboola, ali ndi zaka 51. Tukuma anali wolimba kuposa kokonati, ndipo zidutswa zambiri zinasweka. Zimene zinatsala zinakwana chingwe chimodzi chachifupi, chakuda bii. Chimenecho sanagulitse.

Kuyambira 1984, Lachiwiri lililonse masana, anthu ovulala manja ankabwera kunyumba kwake anayi kapena asanu, atatumizidwa ndi amene analowa m'malo mwa Louisa. Panabwera kalipentala wa ku Ireland, mayi wosoka wa ku Ghana, dalaivala wa basi wa ku Zambia. Winfrida sankawalalikira. Ankawapatsa mwala, nkuwaonetsa pogwira, nkuwasiya ayende.

Mu Malichi 1987 namwino woyendera odwala m'makomo anafika kudzayeza Reinford. Anali watsopano m'derali. Anaona mayi wa zaka 56 wa zala zitatu akunyamula mwamuna wamkulu thupi, ndipo anawerenga m'mapepala kuti wakhala akutero pafupifupi zaka zisanu ndi zinayi. Analankhula mokoma mtima. Anati kuchipatala kuli bedi limene bambowo angakagonepo milungu iwiri kapena itatu, kuti mayiwo apumeko.

Winfrida asanatsegule pakamwa, Reinford anakweza dzanja lamanzere, nsonga ya chingwe ili momwemo.

"Zikomo, a nesi," anatero. "Koma ndili pantchito. Ndikachoka, agwira ndani?"

Namwinoyo anayang'ana kwa Winfrida.

"Mwamva nokha," anatero Winfrida. "Tili ndi oda ya Loweruka."

Namwinoyo anatseka mapepala ake, nkumwa tiyi, nkufunsa ngati pali chibangili chomukwana.

Inu owerenga, mwina chimene munataya sichidzabwerera, ndipo palibe chifukwa chokunamizani kuti chidzabwerera. Yang'anani chimene chatsala, muchipatse ntchito lero, ndipo mawa muchipatsenso. Anthu akakuganizirani molakwa, musathawe nayo ntchitoyo kukaibisa. Itengereni pamene iwo ali, aione. Pali wina amene akudikira kuti mulimbe. Musataye mtima.